Funso lomwe linadikira zaka 77: kodi maphunziro a pantchito amathandizadi?

Mu Seputembala 1945, patangopita masabata ochepa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la America linatseka ofesi ina yomwe anthu ambiri masiku ano sanaimvepo. Dzina lake linali Training Within Industry, mwachidule TWI. Kwa zaka zisanu ofesiyi inkaphunzitsa akapitawo ndi oyang'anira antchito m'mafakitale opanga zida zankhondo. Potseka inatulutsa lipoti lalikulu la zomwe inachita, ndipo manambala ake anali ogometsa: masatifiketi oposa 1.7 miliyoni anaperekedwa m'mafakitale oposa 16,000.

Nambala ngati imeneyi imatiuza kuchuluka kwa anthu amene anakhala pansi n'kumvetsera. Siitiuza ngati zomwe anamvazo zinasintha kagwiridwe kawo ka ntchito atabwerera ku makina. Funso limeneli lakhala likuvutitsa makampani, maboma ndi mabungwe mpaka lero, ndipo ndalama zomwe zimapita ku maphunziro a antchito chaka ndi chaka si zamasewera. Mbiri ya TWI ndi yabwino kuiganizira chifukwa muli zonse: maphunziro okonzedwa mwaluso, manambala odziyamikira, ofufuza okayikira, komanso yankho lomwe linabwera mochedwa kwambiri. Zomwe ndikuona m'mbiriyi n'zakuti maphunziro a pantchito amayezedwa pamalo antchito pomwepo, patapita nthawi, ndiponso poyerekeza ndi anthu omwe sanaphunzitsidwe. Njira zachidule zimatipatsa nambala yokoma m'makutu koma yopanda umboni.

Vuto la mu 1940

Pamene Germany inagonjetsa France mu Juni 1940, America inali isanalowe nkhondo, koma inayamba kukonzekera mwachangu. Mafakitale analandira maoda a ndege, sitima zapamadzi, mfuti ndi zipolopolo ochuluka kuposa omwe akanakwanitsa. Anthu ofuna ntchito analipo, popeza mamiliyoni anali akadali pa ulova kutsatira mavuto azachuma a zaka za m'ma 1930. Chomwe chinkasowa ndi luso. Amuna ambiri atatengedwa kupita ku usilikali, malo awo anatengedwa ndi amayi, anthu ochokera ku minda ndi achinyamata omwe anali asanakhudzepo makina. Mmisiri yemwe dzulo lake ankangosamala makina ake, mawa lake ankapezeka ali kapitawo wa gulu la anthu atsopano, iye mwini asanaphunzitsepo munthu chibadwire.

TWI inakhazikitsidwa mu Ogasiti 1940 kuti ithane ndi vutoli. Atsogoleri ake boma linawabwereka ku makampani: Channing Dooley wa kampani ya mafuta ya Socony-Vacuum ndi Walter Dietz wa Western Electric, mothandizana ndi Mike Kane ndi William Conover. Anthuwa anali ndi poyambira. Pa nkhondo yoyamba, mu 1917, mphunzitsi wa ntchito zamanja Charles Allen anakonza njira yophunzitsira anthu okhoma sitima, ndipo anaigawa m'magawo anayi: kukonzekeretsa wophunzira, kumuonetsa ntchito, kumulola kuti ayese yekha, ndi kutsimikiza kuti wadziwadi.

Ntchito yoyamba yomwe inatchukitsa TWI inali ya magalasi. Asilikali ankafuna magalasi osalala bwino a m'zida zoonera patali ndi zolozera mizinga, koma amisiri osalaza magalasiwa anali ochepa, ndipo zinkadziwika kuti munthu amatenga zaka pafupifupi 5 kuti aidziwe ntchitoyi. Akatswiri a TWI anakhala ndi amisiriwo n'kuigawa ntchito yonse m'tizigawo ting'onoting'ono. Anapeza kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi munthu aliyense akhoza kuiphunzira msanga, ndipo luso lenileni linabisala m'malo ochepa chabe, omwe mmisiri ankawadziwa ndi manja koma osatha kuwafotokoza ndi pakamwa. Atawatulutsira poyera malo amenewo, nthawi yophunzitsa munthu inatsika kuchoka pa zaka kufika pa miyezi yochepa.

Maola 10 ndi khadi la m'thumba

Kuchokera pamenepo TWI inakonza maphunziro atatu a akapitawo. Job Instruction inali ya kaphunzitsidwe ka ntchito. Job Methods inali yokonza kagwiridwe ka ntchito kuti kakhale kosavuta ndi kosawononga zipangizo. Job Relations inali ya kakhalidwe ndi antchito, makamaka pakabuka mkangano. Maphunziro alionse ankatenga maola 10, ogawidwa m'magawo asanu a maola awiriawiri, ndipo gulu lililonse linkakhala la anthu pafupifupi 10. Pomaliza aliyense ankalandira kakhadi kokwana m'thumba la malaya, pomwe panalembedwa masitepe anayi oti azitsata.

Tsiku loyamba la Job Instruction linkayamba ndi kachionetsero komwe kakufotokoza nzeru yonse ya TWI. Mphunzitsi ankatenga waya wamagetsi n'kuitana kapitawo mmodzi. Ankamufotokozera ndi pakamwa pokha momwe amamangira mfundo inayake imene amisiri a zamagetsi amamanga kuti waya asasololoke. Akamupatsa waya uja, munthuyo ankalephera. Kenako ankamangira mfundo ija pamaso pa wina osalankhula kanthu, ndipo nayenso ankalephera. Kachitatu ankatsata masitepe onse: kumukhazika mtima pansi wophunzirayo, kumuonetsa uku akufotokoza sitepe iliyonse ndi malo ovuta, kumuuza amange yekha uku akunena zomwe akuchita, ndipo pomaliza kumusiya koma n'kumamuyendera. Phunziro lake linali lakuti kuuza munthu si kumuphunzitsa, ndipo wantchito akalephera kudziwa, mlandu ndi wa womuphunzitsa.

Chomwe chimandikopa kwambiri n'chakuti kuyeza kunali m'kati mwa maphunziro momwemo. Masiku otsatirawo kapitawo aliyense ankabwera ndi ntchito yeniyeni ya m'dipatimenti yake, ndi zida zake zomwe, n'kuiphunzitsa pamaso pa anzake. Mu Job Methods ankayenera kutenga ntchito ya tsiku ndi tsiku, kufunsa chifukwa cha kachigawo kalikonse, n'kulemba maganizo a momwe ingasinthidwire kuti akawapereke kwa abwana ake. Mu Job Relations ankabweretsa vuto lenileni la wantchito wina, ndipo sitepe yomaliza pa khadi lake inali yokaona ngati zomwe anachitazo zathandiza. Popeza magawo asanuwo ankachitika masiku osiyana, munthu ankabwerera kuntchito pakati pake n'kukayesa zomwe wamva.

Ngakhale zinali choncho, atsogoleri a TWI anaona kuti m'mafakitale ena makhadi ankangokhala m'matumba. M'zaka zomalizira za nkhondo anayamba kuumirira kuti akuluakulu a kampani avomere okha kutsogolera ntchitoyi ndi kuonetsetsa kuti akapitawo akugwiritsabe ntchito njirazo maphunziro atatha. Iwo eni anazindikira kuti kuwerenga masatifiketi n'kosakwanira.

Manambala a mu lipoti

Lipoti la 1945 linayesa kupita patsogolo pa masatifiketi. TWI inkatolera zotsatira kuchokera ku makampani pafupifupi 600, ndipo manambala ake amabwerezedwabe m'mabuku a zautsogoleri. Mwachitsanzo, mafakitale 86 pa 100 alionse ananena kuti katundu yemwe ankapanga anawonjezeka ndi 25 peresenti kapena kuposa, ndipo 55 pa 100 alionse ananena kuti katundu wowonongeka anachepa ndi mlingo womwewo.

Wophunzira mbiri ayenera kufunsa kuti manambalawa ananena ndani. Anachokera ku makampani eni ake, omwe anali atavomera kale maphunzirowo, ndipo anatoleredwa ndi ofesi yomwe inkafuna kuonetsa kuti ndalama za boma zinagwira ntchito. Sindikunena kuti wina ananama. Koma bwana yemwe anatumiza akapitawo ake onse ku maphunziro savomera msanga kuti palibe chinasintha. Vuto lalikulu kuposa apa n'lakuti panalibe gulu loyerekezera nalo. Pa nthawi ya nkhondo pafupifupi fakitale iliyonse inkawonjezera zopanga: boma linkagula chilichonse, makina atsopano ankabwera, maola antchito anawonjezeka, ndipo anthu ankazolowera ntchito pongoibwereza. Tingadziwe bwanji gawo la khadi la m'thumba pakati pa zonsezi?

Nkhani ya sitima zotchedwa Liberty ikusonyeza kuopsa kwa msamphawu. America inapanga sitima zonyamula katundu za mtunduwu zoposa 2,700 pa nthawi ya nkhondo. Zoyambirira zinkatenga masiku oposa 200 kuti zithe, koma kenako avareji inatsika kufika pafupifupi masiku 40. Mu Novembala 1942, ku Richmond ku California, sitima yotchedwa Robert E. Peary inalumikizidwa m'masiku osakwana asanu pofuna kuonetsa dziko zomwe zinali zotheka. Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma ankapereka nkhaniyi ngati umboni wakuti antchito akamabwereza ntchito amaphunzira ndipo amafulumira. Mu 2001 katswiri wina, Peter Thompson, anabwerera ku zolembedwa za nthawiyo n'kupeza kuti gawo lalikulu la liwirolo linabwera chifukwa cha ndalama zomwe zinalowetsedwa m'makina ndi m'malo okhomera sitima. Anapezanso kuti liwiro linadza ndi mtengo wake: sitima zomangidwa mothamanga zinkang'aluka kwambiri, ndipo zochepa zinachita kuthyoka pakati zili panyanja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akangoyang'ana nambala ya masiku, angayamikire chinthu cholakwika, ndipo angalephere kuona chomwe chawonongeka.

Kapitawo akabwerera kwa bwana wake

Umboni woyamba wamphamvu wakuti zomwe zimachitika m'kalasi zikhoza kusiyana ndi za kuntchito unabwera nkhondo itatha. Kampani ya International Harvester, yopanga mathirakitala ndi magalimoto akuluakulu, inkatumiza akapitawo ake ku sukulu yake ku Chicago kwa masabata awiri kukaphunzira za kakhalidwe ndi antchito. Ofufuza a pa yunivesite ya Ohio State, motsogozedwa ndi Edwin Fleishman, anatsata akapitawowa ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1953.

Atafunsidwa maphunziro atangotha, akapitawo anaonetsa kuti maganizo awo asintha: ankavomereza kuti kapitawo wabwino amamvera ndi kuganizira anthu ake. Kafukufuku akanathera pomwepo, sukuluyo ikanalembedwa kuti yapambana. Koma ofufuzawo anakaonanso zomwe zinkachitika mu fakitale, pofunsa ngakhale antchito omwe anali pansi pa akapitawowo. Kusintha kuja kunali kutazimiririka, ndipo ena omwe anali atangobwera kumene ku sukulu ankaoneka ouma mtima kuposa anzawo omwe sanapiteko. Chomwe chinkagwirizana kwambiri ndi khalidwe la kapitawo chinali khalidwe la bwana wake. Wogwira ntchito pansi pa bwana waukali ankakhala waukali, kaya wapita ku Chicago kaya sanapite.

Izi n'zosadabwitsa munthu akaziganizira. Mphunzitsi wa ku sukulu amakhala nawe masabata awiri, pomwe bwana amakhala nawe chaka chonse, ndipo ndi iye amene amalemba lipoti la kukwezedwa kwako. Kafukufukuyu anaphunzitsa zinthu ziwiri zomwe sizinakalambe. Choyamba, nthawi yoyezera ndi yofunika: yankho la tsiku lotsekera maphunziro likhoza kukhala losiyana ndi la miyezi itatu kutsogolo. Chachiwiri, maphunziro akalephera, nthawi zina vuto silikhala mwa mphunzitsi kapena wophunzira, koma m'malo omwe wophunzirayo akubwerera.

Masitepe anayi a Kirkpatrick

Munthu amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa nkhani yoyeza maphunziro ndi Donald Kirkpatrick. Digiri yake ya PhD, yomwe anamaliza mu 1954 pa yunivesite ya Wisconsin, inali yokhudzanso maphunziro a akapitawo. Kuyambira mu 1959 analemba nkhani zinayi m'magazini ya bungwe la oyang'anira maphunziro m'makampani a ku America, ndipo anagawa kuyeza m'masitepe anayi. Loyamba: kodi ophunzira anasangalala nawo maphunzirowo? Lachiwiri: kodi anaphunzirapo kanthu? Lachitatu: kodi kagwiridwe kawo ka ntchito kanasintha? Lachinayi: kodi kampani inapindula, monga pa kuchepa kwa ngozi, katundu wowonongeka kapena madandaulo?

Ndondomekoyi inafalikira padziko lonse chifukwa ndi yosavuta kukumbukira, ndipo ndi yothandizadi. Koma mbiri ya momwe yagwiritsidwira ntchito ndi yomvetsa chisoni pang'ono. Sitepe yoyamba ndi yotchipa: fomu imodzi yogawidwa anthu asanatuluke m'holo. Yachiwiri imafuna mayeso. Yachitatu imafuna kuti wina apite kukaona munthu akugwira ntchito patapita miyezi. Yachinayi imafuna kaundula wosungidwa bwino kuyambira maphunziro asanachitike. Mabungwe ambiri amaima pa sitepe yoyamba, ena amafika yachiwiri, ndipo amadzitonthoza ndi maganizo akuti masitepewa ali ngati makwerero, kotero munthu wosangalala ndiye kuti waphunzira, ndipo wophunzira ndiye kuti asintha.

Mu 1989 George Alliger ndi Elizabeth Janak anaunika maganizo amenewa poona kafukufuku yemwe anali atachitika kwa zaka 30. Anapeza kuti ofufuza ochepa kwambiri ndi omwe anayezapo masitepe angapo nthawi imodzi, ndipo pomwe anayeza, kusangalala kwa ophunzira sikunkagwirizana kwenikweni ndi masitepe enawo. Anthu akhoza kukonda mphunzitsi wanthabwala, chakudya chabwino ndi malo okongola, n'kubwerera kuntchito ali chimodzimodzi. Akhozanso kudana ndi maphunziro ovuta omwe akuwakonzadi. Fomu ya tsiku lomaliza imayeza kuchereza alendo kuposa momwe imayezera luso.

Komwe khadi linakhazikika

Boma la America litasiya kupereka ndalama, dzina la TWI linazimiririka pang'onopang'ono kwawoko. Makampani a ku America analibe opikisana nawo ambiri, popeza mafakitale a ku Ulaya ndi Japan anali mabwinja. Koma ku Japan, komwe kunali pansi pa ulamuliro wa asilikali a America, akuluakulu anaona kuti njirazi zikhoza kuthandiza kudzutsa mafakitale. Mu 1951 Lowell Mellen, yemwe anagwirapo ntchito ndi TWI pa nthawi ya nkhondo, anapita ku Japan ndi anzake kukaphunzitsa aphunzitsi oyamba, ndipo unduna wa zantchito wa dzikolo unathandiza kufalitsa maphunzirowa.

Toyota inali imodzi mwa makampani omwe anawalandira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Job Instruction inakhala njira yophunzitsira wantchito watsopano pa kampaniyi kwa zaka makumi ambiri. Kusiyana kwake ndi nkhani ya International Harvester kukuoneka poyera. Ku Toyota kuphunzitsa anthu kunakhala gawo la udindo wa mtsogoleri wa gulu, ndipo ntchito iliyonse inalembedwa masitepe ake, kotero aliyense wodutsa akanatha kuona ngati ikugwiridwa monga inaphunzitsidwira. Bwana nayenso anadutsa m'maphunziro omwewo ndipo ankayembekezera kuwaona akutsatidwa.

Tisathamangire kunena kuti kupambana kwa Toyota kunabwera ndi TWI. Kutero kungakhale kugwera m'dzenje lomwe lija la sitima za Liberty, chifukwa kampaniyi inasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Chomwe Japan ikutionetsa ndi chochepa koma chofunika: maphunziro amakhalitsa pomwe malo antchito akuwafuna tsiku ndi tsiku.

Yankho la mu 2022

Nanga TWI inathandizadi mafakitale a ku America kapena ayi? Yankho lodalirika linabwera mu 2022, patapita zaka 77 ofesi ija itatsekedwa. Akatswiri awiri a zachuma, Nicola Bianchi ndi Michela Giorcelli, anafukula zolembedwa zakale n'kupeza mndandanda wa makampani onse 11,575 omwe anapempha maphunzirowa. Chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi aphunzitsi, TWI sinafikire onse, ndipo pafupifupi theka la opemphawo linatsala osaphunzitsidwa. Kuperewera kumeneku, komwe pa nthawiyo kunali kodandaulitsa, n'komwe kunapereka chomwe lipoti la 1945 linkasowa: gulu la makampani omwe ankafunanso maphunzirowo, omwe ankapanganso zida zankhondo m'zaka zomwezo, koma sanawalandire.

Atayerekeza magulu awiriwa chaka ndi chaka, anapeza kuti makampani ophunzitsidwa anachitadi bwino kuposa enawo, ndipo kusiyanako kunapitirira kwa zaka zambiri nkhondo itatha. Anapezanso kuti mitundu ya maphunzirowa inkathandizana, kotero kampani yolandira ingapo inkapindula koposa, ndipo phindu linafika ngakhale ku makampani omwe ankawagulitsa zipangizo. Dzina linaiwalika, koma zizolowezi zinatsala.

Choncho Dooley ndi Dietz ankanena zoona, kungoti umboni womwe anali nawo sunali wokwanira kutsimikizira zimenezo. Izi ziyenera kutichenjeza mbali zonse ziwiri. Lipoti lofooka silitanthauza kuti maphunziro anali achabe, ndipo lipoti lokoma silitanthauza kuti anali aphindu. Onaninso zomwe zinatheketsa yankholi: winawake m'zaka za m'ma 1940 analemba mayina a onse omwe anapempha, kuphatikizapo omwe sanathandizidwe, ndipo mapepalawo anasungidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kukanakhala kopanda ntchito pakanapanda kaundula.

Kodi si zodula kwambiri?

Wina anganene kuti zonsezi n'zotheka kwa mayunivesite ndi makampani olemera okha. Chipatala cha pa boma kapena kakampani ka anthu ochepa sikangalembe akatswiri a zachuma, ndipo palibe amene angadikire zaka 77. Anganenenso kuti zina mwa zabwino za maphunziro, monga kudzidalira kwa wantchito kapena kudziwana ndi anzake a m'nthambi zina, sizilowa mu nambala. Mfundo zimenezi zili ndi nzeru, ndipo n'zoona kuti kukonda kuyeza mopitirira muyeso kukhoza kuchititsa bungwe kuphunzitsa zokhazo zomwe zimawerengeka mosavuta.

Komabe mbiriyi ikusonyeza kuti njira zothandiza kwambiri zinali zotchipa. Kuuza munthu kuti agwire ntchito pamaso pako uku akufotokoza sikufuna ndalama. Kufunsa antchito omwe ali pansi pa kapitawo, monga anachitira Fleishman, kumafuna nthawi ndi kulimba mtima basi. Ngakhale gulu loyerekezera nalo limapezeka lokha, chifukwa ndi mabungwe ochepa omwe amaphunzitsa anthu onse tsiku limodzi. Ngati nthambi ina iphunzitsidwa mu Malichi ndipo ina mu Seputembala, miyezi ya pakatiyo ndi mwayi woyerekeza, bola wina alembe momwe zinthu zinalili asanayambe. Chomwe chimasowa kawirikawiri si ndalama ayi, koma kufuna kudziwa, chifukwa yankho likhoza kukhala lochititsa manyazi kwa yemwe anakonza maphunzirowo.

Zikutikhudza bwanji kuno kwathu?

TWI ndi nkhani ya America ndi Japan, koma funso lake ndi lathunso. Kuno ku Malawi olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa TEVET, womwe ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo umathandiza ntchito za TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Pamwamba pa apo pali mawekishopu a boma ndi mabungwe, omwe ambiri amachitikira m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi Salima. Mu 2012 bungwe la Norad la ku Norway linatulutsa kafukufuku wa ma alawansi m'maiko a Ethiopia, Malawi ndi Tanzania, yemwe anasonyeza momwe ndalama za apaulendo zimasandukira gawo la malipiro, mpaka kumasokoneza kasankhidwe ka anthu opita ku maphunziro.

Sindikuona chifukwa chonyozera wantchito wa malipiro ochepa yemwe amadalira alawansi kuti alipire fizi ya mwana. Vuto lili m'kayezedwe. Lipoti likamangofuna chiwerengero cha anthu ophunzitsidwa, amuna angati ndi amayi angati, ndiye kuti kaundula wosainidwa ndi chithunzi cha pagulu zakwanira. Palibe amene adzafunse ngati yemwe anapita ndi amene amagwiradi ntchitoyo, kapena ngati atabwerera anapeza zipangizo ndi bwana womulola kuyesa zatsopano.

Mbiri ya TWI ikutipatsa mafunso anayi omwe aliyense wovomereza bajeti ya maphunziro angafunse ndalama zisanatuluke. Ndi ntchito iti yeniyeni yomwe munthuyu akulephera lero, ndipo tikudziwa bwanji? Adzaigwira pamaso pa ndani asanalandire satifiketi? Bwana wake wavomera kusintha chiyani kuti zophunzirazo zikagwire ntchito? Ndipo ndani adzabwere pakatha miyezi 6 kudzayerekeza ndi omwe sanapite?

Ife amene tili m'makoleji lero, mawa tidzakhala m'maofesi omwewa, ena tikulemba malipoti, ena tikusaina kaundula. Wokonza maphunziro akalephera kuyankha funso loyamba lija, ndi bwino ndalamazo zikagule mankhwala kapena mabuku.